Chitseko cha a Mzumara

Nkhani yonse inayamba ndi chitseko.
A Mzumara anachikhoma ku Zolozolo mu Okutobala,
paini woyera, wosalala ngati tsaya la khanda.
Pofika Febuluwale chinali chitapinda msana,
mwini nyumba akugona atachitsamiritsa mtondo.
Anthu anati mmisiri wabodza.
Mmisiri analoza wocheka,
wocheka analoza nkhalango,
nkhalango ili phee m'nkhungu ya ku Chikangawa
inasowa womuloza.

Ine ndine mlembi chabe.
Ntchito yanga ndi kuitana anthu osamwerana madzi
kuti akhale patebulo limodzi ku Luwinga,
m'kachipinda konunkha utuchi ndi majasi onyowa.
Anabwera Dokotala Sichinga ndi kachipangizo koyezera chinyezi,
anabwera wa zankhalango, nsapato zili matope okhaokha,
anabwera NyaHarawa wogulitsa matabwa, zibaya zili m'zikhatho,
a Kanyimbo a kufakitale anafika mochedwa
nasiya galimoto ikulira panja.

"Ndiponyamo zanga," anatero a Kanyimbo,
"koma zimene mupeze zikhale za kampani."
NyaHarawa sanakweze mawu:
"Mvula ya Mzuzu ikamagwa, bwana,
imafunsa kuti thabwa ili ndi la yani?"
Ndinalemba m'buku kuti mfundo yachitatu yavomerezedwa.
Sindinalembe kuti tonse tinayang'ana pansi.

Ndalama za abwenzi akutali zimakhala zaka ziwiri.
Paini amafuna makumi awiri ndi zisanu.
Fomu yawo ili ndi kabokosi kakang'ono ngati chibiriti,
akuti ndilembemo zotsatira pofika Juni.
Ndinalitenga pepalalo mpaka kunazale,
ndinaziwerengera mbande mokweza.
Sizinafulumire.

Gawo loyamba linafika mu Epulo, nyengo yowoka itapita.
Lachiwiri linakakamira pa chidindo cha munthu
amene anapita kumaliro kwawo ku Chitipa.
Vitumbiko, mwana wasukulu woyeza mitengo,
anayenda masabata atatu ndi tepi m'thumba,
nkhomaliro yake mbatata yowotcha ndi madzi a mumtsinje.
Malisiti ake ndinawayanika pawindo ngati fodya.

Lachisanu lina, mawawa akugwa,
NyaHarawa anakhazika chitini cha mkaka patebulo langa.
"Makwacha makumi asanu pa thabwa lililonse logulidwa.
Tagwirizana kumsika. Wokana ndi mmodzi, tithana naye."
Ndalama zake zinali zofewa, zamafuta, zomata utomoni.
Mu bajeti munalibe mzere wa chitini.
Ndinaujambula ndekha ndi lula.

Ndiye tinamanga shedi ya pulasitiki kuseri kwa msika,
matabwa kuwasanja motalikirana, timitengo pakati,
mphepo izidutsa ngati mlendo wodziwa njira.
Dokotala amabaya thabwa ndi kachipangizo kake,
a Mzumara amaligogoda ndi chala, khutu lili tcheru.
"Ili lauma. Ili likunama."
Pa matabwa khumi anagwirizana pa asanu ndi anayi.
Lakhumilo akukanganabe mpaka lero,
ndipo ndi mkangano umenewo
umene ndaupemphera ndalama za chaka chamawa.

Pa chikuto cha lipoti pali malo a mayina a akatswiri.
Ndalembapo Sichinga, ndalembapo Vitumbiko,
kenako Mzumara, kalipentala,
kenako NyaHarawa ndi anzake makumi atatu ndi mmodzi.
Akutali aja abweza pepala, akuti mayina achuluka.
Ndachepetsa zilembo.

Mbande zija zandifika m'mawondo.
Adzazicheka ena, ine nditapuma kapena nditagona,
ndipo sadzadziwa kuti dizilo wozitengera kuphiri
analipira ndi chitini.

Madzulo ano m'thumba mwatsala
zokwanira masitampu ndi shuga wa msonkhano umodzi.
Ndazimitsa nyali, ndakoka chitseko cha ofesi.
Nachonso ndi cha paini wosauma.
Ndachimenya ndi phewa kawiri
chisanalole kutsekeka.